Pamene chikhululukiro chinali ndi mtengo wake

M'chaka cha 1454, mumzinda wa Mainz ku Germany, kumene Johannes Gutenberg anali kalikiliki kusindikiza Baibulo lake lotchuka lija, makina atsopanowo anatulutsanso kapepala ka tsamba limodzi kamene kanafika m'manja mwa anthu ambiri kuposa Baibulolo. Mawu onse pakapepalako anali osindikizidwa kale, kupatula mipata yoti mlembi adzazemo dzina la wopereka ndalama, malo ndi tsiku. Wolandira kalatayo ankaloledwa kusankha wansembe womulapitsa, amene akanamuchotsera chilango chonse cha machimo ake, ndipo ndalama zake zinkapita kukateteza chilumba cha Cyprus kwa asilikali a ufumu wa Ottoman. Anthu akamasimba za malonda a zikalata zoterezi amakonda kuifupikitsa nkhaniyo, kuti panali ansembe adyera ndi anthu opusa. Dyera linalipodi, koma dyera lokha silingamange msika wokhala zaka mazana angapo ndi kukopa mafumu, aphunzitsi ndi amalonda ochenjera. Chimene chinaumanga ndi chiphunzitso chomwe chinkamusiya Mkhristu wokhululukidwa kale akadali ndi ngongole yosadziwika kukula kwake. Ndipo chimene chinaugwetsa ndi uthenga wa m'chaputala 8 cha kalata ya Paulo kwa Aroma, woti munthu wokhala mwa Khristu mlandu wake unatha, ndipo moyo wake tsopano ukuyendetsedwa ndi Mzimu.

Chiyambi chake sichinali choipa. Mumpingo wa zaka zoyambirira, wochimwa tchimo lalikulu ankalapa poyera ndipo ankakhala nthawi yaitali osalandira mgonero. Kuyambira cha m'ma 500, amonke a ku Ireland anafalitsa mwambo wolapa mseri kwa wansembe, ndipo analemba mabuku ondandalika machimo pamodzi ndi chilango cha tchimo lililonse: lakuti kusala kudya masiku 40, lakuti chaka chimodzi, lakuti zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu wa machimo ambiri zaka zake zinkatha kupitirira moyo umene wamutsalira, choncho panabadwa chizolowezi chosinthanitsa. M'malo mosala kudya chaka chathunthu ankanena masalimo ochuluka, kapena kupita ulendo wa kumalo oyera, kapena kupereka mphatso kwa osauka ndi kutchalitchi. Aphunzitsi a mpingo anadzalongosola bwino kuti tchimo lili ndi mbali ziwiri, kupalamula ndi chilango. Zili ngati pabwalo la mfumu, pamene wolakwiridwa wanena kuti wakhululuka, anthu agwirana chanza, koma mbuzi ya chindapusa iyenera kuperekedwabe. Kupalamulako Mulungu amakukhululuka munthu akalapa, koma chilango cha kanthawi chimatsala, ndipo chimene sanachimalize pansi pano akachimalizira ku Purigatoriyo. Pamenepa ndi pamene mpata unatsegukira, chifukwa chinthu chimene chawerengedwa m'masiku ndi m'zaka sichichedwa kuwerengedwanso m'ndalama.

Masitepe otsatira anabwera pang'onopang'ono. Mu 1095, ku Clermont, Papa Urban II analonjeza kuchotsera chilango onse opita kunkhondo yokalanda Yerusalemu. Mu 1215 msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Lateran unalamula kuti Mkhristu aliyense azilapa kwa wansembe kamodzi pachaka, ndipo msonkhano womwewo unadandaula kale kuti zikalatazi zikuperekedwa mwachisawawa, n'kuika malire: chaka chimodzi potsegulira tchalitchi, masiku 40 pa chikumbutso chake. Mu 1300 Papa Boniface VIII analengeza chaka choyera choyamba, ndipo makamu anakhamukira ku Roma. Mu 1343 Papa Clement VI anaphunzitsa kuti zabwino za Khristu ndi za oyera mtima ndi nkhokwe ya chuma imene makiyi ake ali ndi Papa. Koma sitepe imene inasandutsa mwambowu kukhala msika weniweni ndi ya 1476, pamene Papa Sixtus IV, pofuna kuthandiza kukonzanso tchalitchi chachikulu cha ku Saintes ku France, analola kuti chikalata chigwire ntchito pa mizimu ya omwalira. Munthu angathe kuumitsa mtima pa za iye mwini, n'kunena kuti adzaona konko. Koma ndani angaumitse mtima atauzidwa kuti mayi amene anamuyamwitsa akupsa, ndipo kandalama kali m'thumba mwake kangawatulutse lero lomwe? Kuyambira pamenepo wogulitsa sankadaliranso mantha okha. Anali atagwira chikondi cha ana pa makolo awo, ndipo chikondi choterocho sichinenerera mtengo.

Malonda amene anautsa mkangano wa 1517 anayambira pa ngongole ya munthu mmodzi. Albrecht wa ku Brandenburg anakhala arkiepiskopi wa Magdeburg ndiponso woyang'anira dayosizi ya Halberstadt mu 1513, ndipo chaka chotsatira, asanakwanitse n'komwe zaka 25, anasankhidwanso kukhala arkiepiskopi wa Mainz. Malamulo a mpingo sankalola munthu mmodzi kugwira mipando itatu, komanso msinkhu wake unali wochepa. Roma anamupatsa chilolezo chapadera pa mtengo wa maducat 10,000, kuwonjezera pa ndalama zimene arkiepiskopi aliyense watsopano wa Mainz ankalipira, ndipo dayosiziyo inali italema kale chifukwa mpando umenewu unasintha eni katatu m'zaka khumi. Albrecht anakongola ndalamazo kwa Jakob Fugger, mwini banki wa ku Augsburg. Njira yobwezera inapezeka mu 1515, pamene Papa Leo X analola kuti m'madera a Albrecht mulalikidwe zikalata kwa zaka zisanu ndi zitatu zothandiza kumanga tchalitchi cha St Peter ku Roma, chimene Papa Julius II anaika mwala wake wa maziko mu 1506. Theka la ndalama linkapita ku Roma, theka linalo kukabweza ngongole. Nthumwi za Fugger zinkayenda limodzi ndi alaliki ndipo zinkasunga kiyi wa bokosi la ndalama. Mlimi woponya ndalama yake m'bokosimo za theka lachiwirilo sankazidziwa.

Buku la malangizo limene Albrecht anapatsa alaliki ake likadalipo, ndipo ndi umboni woposa nthano zonse zimene adani a malondawa anadzasimba pambuyo pake. Muli mndandanda wa mitengo potsata udindo wa munthu: mafumu, akalonga ndi maepiskopi magulden 25, akuluakulu a nyumba za amonke ndi nduna 10, kenaka 6, kenaka 3 kwa amalonda apakati, mpaka gulden imodzi kapena theka kwa anthu wamba. Muli lamulo loti maulaliki ena aime mumzinda pa nthawi imene zikalata zikulalikidwa. Mulinso mfundo imene inali yowopsa kuposa zonse, yoti wogulira womwalira sayenera kulapa kapena kumva chisoni chifukwa cha machimo ake, bola apereke. Johann Tetzel, wansembe wa chipani cha Dominican amene anali atagwira ntchitoyi zaka zambiri, ankalowa mumzinda ndi ligubo, mabelu akulira, mtanda n'kuimikidwa pakati pa tchalitchi, ndipo mu ulaliki wake ankayerekeza mawu a makolo omwalira akudandaulira ana awo kuti awaiwala. Frederick, mfumu ya dera la Saxony kumene kunali Wittenberg, anamuletsa kulowa m'dziko lake, koma anthu ankangowoloka malire kupita ku Jüterbog, n'kubwerako ndi zikalata m'manja.

Pali amene angatsutse kuti mpingo sunaphunzitsepo kuti chikhululukiro cha machimo chimagulidwa. Akunena zoona, ndipo wolemba mbiri woona mtima ayenera kuvomereza. Pa chiphunzitso chovomerezeka, chikalata chinkachotsa chilango cha kanthawi chokha, chinkafuna kuti wamoyo ayambe walapa, ndipo ndalamayo inkatchedwa mphatso. Buku la Albrecht lomwelo linanena kuti wosauka wopanda kanthu apemphere ndi kusala kudya m'malo mopereka. Ndi zoonanso kuti ndalama za zikalata zinamanga zipatala, milatho ndi matchalitchi m'nthawi imene maboma analibe njira ina yosonkhetsera chuma cha ntchito zoterozo. Koma kusiyanitsa kumeneku kunkakhala m'masukulu a zaumulungu, ndipo sikunkafika pabokosi. Chinthu chokhala ndi mndandanda wa mitengo, lisiti yolembedwa dzina, wogulitsa wolandira malipiro ndi mwini banki wodikira theka lake ndi malonda, ngakhale eni ake achitche dzina lina. Ndipo chiphunzitso chovomerezekacho, ngakhale chitalalikidwa mosaphonyetsa, chinkasiya funso lalikulu lili chiimire. Palibe wansembe amene akanauza munthu kuti zaka zake za ku Purigatoriyo n'zingati, kapena ngati chisoni chake pa kulapa chinali chokwanira. Pa za omwalira, akatswiri ankati chikalata chimagwira ntchito ngati pempho chabe kwa Mulungu, choncho panalibe wodziwa ngati gogo watulukadi. Wogula ankachoka ndi pepala koma osachoka ndi yankho, ndipo mlaliki wina akafika chaka chamawa anali ndi chifukwa chogulanso.

Umboni wa zimenezi uli mwa anthu amene anali ndi ndalama zogulira chilichonse. Frederick uja, amene anatsekera Tetzel kunja, anali ndi nkhokwe yakeyake ya zotsalira za oyera mtima m'tchalitchi cha kunyumba yachifumu ku Wittenberg. Pofika 1520 zidutswazo zinaposa 19,000, ndipo wobwera kudzaziona pa tsiku la Oyera Onse n'kupereka mphatso ankalonjezedwa kuchotseredwa zaka zochuluka moti munthu sangaziyerekeze. Komabe mfumuyo inkangoonjezera, ngati kuti chiwerengero chilichonse chinali chosakwana. Jakob Fugger naye, munthu amene ankadziwa bwino kumene ndalama za m'bokosi zinkapita, anamanga ku Augsburg mudzi wa anthu osauka wotchedwa Fuggerei, umene anaukhazikitsa mwalamulo mu 1521 ndipo ukadalipo mpaka lero. Lendi yake inali gulden imodzi pachaka, pamodzi ndi mapemphero atatu tsiku lililonse opempherera iye ndi banja lake. Ntchitoyo ndi yabwino ndipo yasunga mabanja zaka 500, koma ikuonetsa kuti ngakhale mwini banki ankagona ndi nkhawa yomweyo imene inali ndi mlimi wa ku Jüterbog. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo Ulaya yense wa nthawiyo ankakhala ngati anthu odikira mlandu umene tsiku lake ndi chigamulo chake sizikudziwika.

Martin Luther, mmonke wa chipani cha Augustine amene ankaphunzitsa Baibulo payunivesite ya Wittenberg, anakumana ndi malondawa polapitsa anthu obwera kuchokera ku Jüterbog, amene ena mwa iwo sankaonanso chifukwa chosiyira machimo awo. Pa 31 Okutobala 1517 analembera Albrecht kalata n'kuikamo mfundo 95. Owerenga mfundozo koyamba amadabwa, chifukwa Luther sakudandaula kuti mpingo ukulemetsa anthu. Akudandaula kuti zikalata zikuwapatsa mtendere wabodza, kuti moyo wonse wa Mkhristu uyenera kukhala wa kulapa, kuti wolapa moona ali nacho kale chikhululukiro chonse popanda pepala, ndiponso kuti wodutsa munthu wosowa n'kukagula chikalata akudziitanira mkwiyo wa Mulungu. Malondawo ankabala zinthu ziwiri zooneka zotsutsana, mantha osatha mwa anthu a chikumbumtima chofewa ndi mphwayi mwa ouma mtima. Pamene Luther anaonekera pamaso pa Kadinala Cajetan ku Augsburg mu Okutobala 1518, m'nyumba ya a Fugger momwemo, kadinalayo sanataye nthawi ndi za Tetzel. Anasankha mfundo ziwiri: nkhokwe ya chuma ya Clement VI, ndi chiphunzitso cha Luther choti wolandira mawu a chikhululukiro ayenera kukhulupirira motsimikiza kuti wakhululukidwadi. Cajetan anali katswiri weniweni, ndipo anaona kuti mkangano wagona pa chitsimikizo chimenecho. Tetzel anadzudzulidwa ndi nthumwi ya Papa yomwe ndipo anamwalira ali wonyozeka ku Leipzig mu Ogasiti 1519. Luther anamulembera kalata yomutonthoza, yomuuza kuti nkhaniyi sinayambe chifukwa cha iye.

Chitsimikizocho Luther anachipeza m'kalata ya kwa Aroma, imene anaiphunzitsa mu 1515 ndi 1516. Mmene Paulo amalongosolera m'chaputala 8, lamulo linalephera kumasula munthu chifukwa cha kufooka kwa thupi, choncho Mulungu anatumiza Mwana wake ndipo tchimo analiweruzira mwa iyeyo. Chigamulo chimene anthu ankachidikira ndi mantha chinaperekedwa kale, ndipo wokhala mwa Khristu palibenso chomutsutsa. Mzimu amene walandira si wobwezera munthu ku ukapolo ndi mantha, ndi Mzimu womupanga kukhala mwana amene amaitana Mulungu kuti Atate, ndipo chaputalacho chimathera ponena kuti ngakhale imfa singamulekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Okonza zinthu akale, kuyambira ku Lateran mu 1215, ankayesa kudula mitengo, kuchepetsa masiku ndi kulanga alaliki abodza, koma malondawo ankaphukanso chifukwa ngongole inali ikadalipo. Uthenga uwu unachotsa ngongole yomweyo, ndipo ngongole itachoka panalibenso choti n'kugula. Ulaliki waufupi wa Luther wonena za zikalata ndi chisomo, wolembedwa m'Chijeremani mu 1518, unasindikizidwa mobwerezabwereza, ndipo mu 1520 kabuku kake ka ufulu wa Mkhristu kanafika kwa anthu wamba. Makina omwe aja amene anachulukitsa zikalata anachulukitsanso mawu ozithetsa.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse ndi choti munthu ukamuchotsera mantha amatayirira. Ichi sichingakankhidwe ndi mawu awiri, chifukwa mbiri ili ndi umboni wake. Kumapeto kwa 1521 kunabwera ku Wittenberg aneneri a ku Zwickau onena kuti Mzimu amawalankhula mwachindunji. Thomas Müntzer, amene ankaika mawu a Mzimu a mumtima pamwamba pa zolembedwa, anatsogolera alimi kunkhondo ya ku Frankenhausen mu Meyi 1525, kumene alimiwo anaphedwa mwaunyinji, ndipo zimene Luther analemba zolimbikitsa akalonga kuthana ndi alimiwo ndi banga losafufutika pa dzina lake. Oyendera mipingo ya ku Saxony mu 1528 anapeza anthu osadziwa ngakhale pemphero la Ambuye, ndipo Luther mwini anadandaula kuti anthu aphunzira kugwiritsa ntchito ufulu molakwika, n'chifukwa chake analemba makatekisimu awiri mu 1529. Anadandaulanso kuti anthu amene kale ankapereka mowolowa manja tsopano aumira. Cha mu 1537 anakangana ndi mnzake Johann Agricola, amene ankati lamulo lisamalalikidwenso kwa Akhristu. Zonsezi zinachitikadi. Koma zikutsimikiza kuti anthu ambiri anamva theka la chaputalacho, chifukwa Paulo sapatula kumasulidwa ku mlandu ndi kuyenda mwa Mzimu. Amanena kuti chilungamo chimene lamulo linkafuna chimakwaniritsidwa mwa oyenda monga mwa Mzimu, ndipo ndi Mzimu yemweyo munthu amapha ntchito za thupi. Komanso kuumira kwa anthu kuja kukuulula kanthu za kupereka kwawo koyamba. Ngati dzanja linafumbata mantha atangochoka, ndiye kuti linkatambasuka chifukwa chodzigulira lokha, ndipo wosauka anali njira chabe yodutsira.

Kumene uthengawo unamveka wonse, ndalama zinasintha njira. Mu Januwale 1522 akuluakulu a mzinda wa Wittenberg anakhazikitsa bokosi la onse, lothandiza amasiye, odwala ndi okalamba, lobwereketsa amisiri osauka popanda chiwongoladzanja ndi lolipirira ana sukulu. Mu 1523 tawuni yaing'ono ya Leisnig inalemba malamulo a bokosi lake, ndipo Luther anawalembera mawu oyamba. Linali ndi maloko anayi, ndipo oliyang'anira khumi ankasankhidwa chaka ndi chaka kuchokera mwa nduna, a khonsolo, anthu a m'tawuni ndi alimi. Ku Leisnig ntchitoyo inayenda mokoka chifukwa khonsolo inkakana kutulutsa chuma chakale cha tchalitchi, koma maganizowo anafalikira m'mizinda yambiri ya kumpoto kwa Germany. Woponya ndalama m'bokosi limeneli sankalandira pepala lililonse. Ena amati zonsezi zinali ndale chabe, kuti akalonga a ku Germany ankangofuna golide wawo asamapite ku Roma. Ndale zinalipo, ndipo popanda chitetezo cha Frederick, Luther sakanapulumuka atachotsedwa mumpingo ndi kuweruzidwa ku Worms mu 1521. Koma madandaulo a akalonga pa ndalama zopita ku Roma anali akale kwambiri, ndipo sanaletsepo munthu wamba kugulira mayi wake chikalata. Chimene chinamuletsa ndi kukhulupirira kuti mayiwo ali kale m'manja mwa Khristu.

Mpingo wa Katolika unathetsa malondawo wokha, ndipo ziyenera kunenedwa momveka. Msonkhano wa ku Trent unathetsa udindo wa osonkhetsa ndalama oyendayenda mu 1562, ndipo mu Disembala 1563 unaletsa phindu loipa lililonse pa zikalata, ngakhale unasunga chiphunzitso chake. Mu 1567 Papa Pius V anafafaniza zikalata zonse zokhudzana ndi kupereka ndalama. Mu 1967 Papa Paul VI anachotsa kuwerengera kwa masiku ndi zaka kumene kunayambira m'mabuku a amonke a ku Ireland. Malondawo sanafe chifukwa chakuti mbali ina ndi yoyera kuposa inzake, ndipo ana a Luther ndi anzawo alibe chodzitamira: m'mizinda yathu lero muli malo opempherera amene mafuta, madzi ndi pemphero lothyola matemberero a makolo zili ndi mtengo wake, ndipo amene amayamba wauza munthu kuti pali mlandu wobisika womutsata asanamuonetse pogula. Pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg komwe kuja, nthumwi za Roma ndi za mgwirizano wa mipingo ya Lutheran padziko lonse zinasaina chikalata chovomereza limodzi kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndi kuti amalandira Mzimu Woyera amene amamukonzanso mtima ndi kumuitanira ku ntchito zabwino. Mipingo ya Methodist inalowa nawo mu 2006, ndipo mgwirizano wa mipingo ya Reformed mu 2017, ku Wittenberg. Pa funso limene Cajetan anagwira, mbali zonse zinagwirizana kuti wokhulupirira angadalire kotheratu lonjezo la Mulungu, malinga ayang'ane kwa Khristu m'malo modziyang'ana yekha. Za chilango chotsala pambuyo pa chikhululukiro chikalatacho sichinagamule, ndipo m'chaka choyera cha 2000, patangopita miyezi iwiri chisainireni, Roma anaperekanso chikhululukiro cha chilango kwa oyenda maulendo opatulika, ulendo uno popanda mtengo, mipingo inayo ikufunsabe kuti chilango chimenecho chatsala pati.